Chaka Chimene Foni Inkandiyankhira Moni

Ine ndine telala, ndipo ntchito yanga yambiri imabwera kudzera pa foni. Ndimasokera m'galaja ya nyumba imene timachita lendi ku Vosloorus, mumsewu wopanda chikwangwani chilichonse. Munthu amene sanaone madiresi anga pa tsamba la mchezo sangadziwe kuti kuseri kwa geti la dzimbiri lija kuli makina awiri ndi mayi wina wolongolola. Ndikamaliza chovala ndimachipachika pa chitseko choyera cha galajayo n'kuchijambula dzuwa lisanafike pamutu, chifukwa dzuwa la masana limafwifwitsa maluwa a chitenje pa chithunzi. Kenako ndimachiika pa sitetasi ndi pa tsamba langa, ndipo anthu amayamba kugogoda.

Ndikuti kugogoda chifukwa anthu akwathu salowa pa foni mmene amalowera eni dziko lino. Mzimayi wa kuno akafuna diresi amalemba zonse pakamodzi: chithunzi ichi, saizi yanga iyi, ukwati uli tsiku lakuti, ndi zingati. Munthu wotero ndimamukonda, sandichedwetsa. Koma Mmalawi mnzanga, kapena wa ku Zambia wa chigawo cha kummawa, amayamba ndi "Mwadzuka bwanji?" n'kukhala phee. Ukayankha, amafunsa za ana. Ukayankhanso, amafunsa za abambo a kunyumba, za kuzizira, za mvula ya kumudzi imene tonsefe sitikuiona. Pofika pa nkhani ya diresi simbi imakhala itazizira kalekale. Ena safikapo n'komwe tsiku limenelo. Amathokoza n'kutsanzika, ndipo diresi limadzatchulidwa mawa lake ngati angolikumbukira mwangozi.

Ndinkadandaula, inde, pakamwa pangapa sipachedwa kudandaula, koma ndinkayankha aliyense. Manja akatanganidwa ndinkatumiza mawu ojambula, mapini ali kukamwa, makina akulira kumbuyo. Anthu ankaseka n'kumati akamva kulira kwa makinawo amakumbuka khonde la sitolo la kwawo. Ndinkadziwa amene mwana wake akulemba mayeso, amene bwana wake wamudula masiku a ntchito, amene akusunga ndalama za malata. Ndikaika chithunzi cha chilundu, pansi pake pankakhala macheza a amayi amene sanaonanepo maso ndi maso, wina ali ku Tembisa, wina ku Katlehong, akukangana ngati duku lalikulu likadali m'fashoni. Zimenezi zinkandisangalatsa kwambiri, ndipo mpaka lero zimandisangalatsa.

Mwa onse opereka moniwo panali mmodzi amene sindinkamuwerengera ngati kasitomala. Kunyumba kwathu timangowatchula kuti amayi a ku Chipata. Tinakumana mu 2008, nthawi ya chipolowe chija alendo tinkathamangitsidwa, mu holo ina imene tinathawiramo. Ine ndinali nditakumbatira mutu wa makina anga wokulunga m'chitenje, iwo atakumbatira kamtsikana kawo. Anayang'ana katundu wangayo n'kunena kuti, "Mwana wanu uyo ngolemera, muikeni pansi apume." Ndinaseka koyamba sabata imeneyo. Tinafunda bulangeti limodzi mpaka zinthu zitazizira, ndipo atabwerera ku dera la Ramaphosa kukamanganso mkhukhu wawo, nyumba ya malata okhaokha ija, chovala choyamba chimene ndinasoka ndi makina aja chinali yunifolomu ya sukulu ya kamtsikanako.

Ndine wa ku Ntcheu, ndipo kuno ku Joni ndilibe mchemwali, ndilibe azakhali. Amayi a ku Chipata ndi amene ankakhala pambali panga m'chipatala, ndi amene ankandikalipira ndikayambana ndi amuna anga pa zinthu zopanda mutu. Foni yogwira intaneti anaipeza mochedwa, ndipo kulemba kunkawavuta, moti uthenga wawo unkakhala umodzimodzi nthawi zonse: "Muli bwanji kumeneko." Sankaika chizindikiro cha funso. Ndikayankha, ankatumiza mawu ojambula aatali, oyambira pa nyengo n'kudzathera pa chimene chawavuta. Munthu ameneyu kumutaya kukanakhala kutsala ndekha m'dziko la eni.

Tsamba langa linakula pang'onopang'ono, kenako linangofufuma chaka china nditasokera gulu la amayi a kwaya. Miyezi yakumapeto kwa chaka imeneyo inali ya mpanipani. Aliyense wopita kumudzi pa Khirisimasi amafuna akatsike basi atatchena, kuti anthu aone kuti ku Joni sanapite kukasewera. Nsalu zinaunjikana mpaka pa firiji. Foni inkalira ngati mwanapiye wotayika, ndipo ine ndinkadumpha kuchoka pa makina kupita pa foni, kuchoka pa foni kupita pa simbi, mpaka tsiku lina ndinasokerera dzanja la bulauzi chagada.

Mwana wanga wamkazi anaona zimenezo. Ndi munthu wamkulu, amagwira ntchito mu ofesi ya nyumba yosungiramo katundu ku Jet Park, ndipo anakulira kuno, moti Chichewa chake chimayenda ndi ndodo. Anatenga foni yanga n'kuyamba kupukusa mutu.

"Eish, Mama, onani. Moni, moni, moni. Palibe oda apa. Anthu awa akukudyerani nthawi, neh?"

"Oda ili m'kati mwa moniyo," ndinatero ine. "Imatuluka yokha ukaleza mtima."

"Bizinesi siyenda choncho. Ndikuikirani meseji yoyankha yokha. Munthu akangolemba, foni imuuza zofunika. Amene ali siriyasi atumiza chithunzi, inu muziyankha okhawo. Shapu?"

Anailemba m'Chingerezi, chifukwa ankati ndiye zimaoneka zaulemu kwa makasitomala onse. Tanthauzo lake linali lakuti zikomo potilembera, tumizani chithunzi cha sitayelo ndi miyezo yanu, ndipo theka la mtengo liperekedwe ntchito isanayambe. Ndinaiwerenga ndipo sindinaone chonyansa. Zonse zinali zoona, ndi mmene ndimagwirira ntchito.

Ndisaname, masabata amenewo ndinapuma. Ndinkatsegula foni nthawi ya tiyi, n'kuyang'ana mauthenga okhala ndi zithunzi, n'kuyankha amenewo. Ena onse ankatsikira pansi okha, mauthenga atsopano akamabwera pamwamba. Ndinkasoka mpendero wonse osaimitsa phazi. Ndinayamba kuimba nyimbo za kwaya pa makina, zimene ndinali nditasiya kalekale. Amuna anga, amene amayendetsa galimoto yonyamula mipando, anati nkhope yanga yasalala, ndipo ndinayamikira mwana wanga pamaso pawo kuti sukulu sinapite pachabe. Ndinaona kuti macheza a pansi pa zithunzi achepa, koma ndinkati anthu atanganidwa ndi zokonzekera ulendo.

Nkhani inanditulukira Lachinayi lina masana. Kunabwera mayi wina wogwira ntchito ya m'nyumba ku Boksburg kudzayesa diresi lake, ndipo amapemphera mpingo umodzi ndi amayi a ku Chipata. Ndinagwada pansi kumupinda mpendero, iye ataimirira pa kabenchi, akudziyang'ana pa galasi.

"Paja zovala za chinkhoswe cha mwana wa amayi a ku Chipata mukusoka ndinu?" anafunsa.

Ndinachotsa mapini kukamwa. "Chinkhoswe chiti?"

Anandiyang'ana kudzera pa galasipo, ndipo ndinaona kuti akulakalaka akanameza mawu ake. Koma mayi ameneyu nkhani siimukhalitsa m'mimba. Anandiuza kuti mtsikana uja wapeza mnyamata wa ku Dedza, womanga nyumba, ndipo akwawo kwa mnyamatayo anabwera kale kudzaonekera. Tsopano akudikira kukumana ndi ankhoswe a kuchikazi kuti akambirane za tsiku. Malume ake a mtsikanayo ali kumudzi, ndi okalamba, ulendo wa basi sangauthe.

"Amayi aja ankati apempha inuyo ndi abambo kuti muimire," anatero. "Koma akuti masiku ano munthu kuti alankhule nanu ayambe wapereka theka."

Ndinamaliza mpenderowo sindikudziwa bwanji, ndipo mayiyo atangotuluka pa geti ndinakhala pa mulu wa nsalu n'kuyamba kutsitsa mauthenga ndi chala. Ndinadutsa anthu ambirimbiri amene anandipatsa moni n'kuyankhidwa ndi Chingerezi chija. Pansi penipeni ndinawapeza. "Muli bwanji kumeneko." Pansi pake yankho la foni. Patapita masiku, "Muli bwanji kumeneko," yankho lomwe lija. Anayesa kangapo, kenako anasiya.

Wina akhoza kufunsa kuti bwanji sanangolemba chimene ankafuna, kapena kuimba. Mwana wanga anafunsa zomwezo madzulo ake, ndipo ndinamupsera mtima kuposa mmene ankayenera. Nkhani ya unkhoswe siponyedwa ngati mwala pa denga. Umayamba wamva kuti mnzako wadzuka bwanji, kunyumba kwake kulibe matenda kapena maliro, mtima wake uli m'malo, ndiye n'kupempha tsiku loti ubwere udzanene pamaso. Amayi a ku Chipata ankagogoda kuti ndiwatsegulire, ndipo chitseko chinkawauza za miyezo. Nditamufotokozera zimenezi, mwana wanga anati, "Sorry, Mama, sindinaganize." Ndinamuuza kuti si iye yekha amene sanaganize, ndipo anaichotsa meseji ija pomwepo.

Ndinafuna kuwaimbira nthawi yomweyo, koma amuna anga anandigwira dzanja. "Foni ndi imene yalakwa, ndiye mukufuna mutume foni yomweyo kukapepesa? Mawa kwerani tekisi."

M'mawa mwake ndinatseka galaja, madiresi a anthu ali pa mahang'ala osatha, n'kugula shuga ndi buledi pa shopu ya pakona. Ndinakwera tekisi ya ku Boksburg, kenako ina ya ku Reiger Park, n'kuyenda wapansi kulowa mu Ramaphosa. Njira yonse ndinkakonza mawu, ndipo onse ankamveka opusa. Chimene chinkandiopsa sichinali kukalipiridwa. Ndinkaopa kukapeza atapempha kale munthu wina, mkulu wa mpingo kapena neba, ine n'kudzangoitanidwa ngati telala wodzapima anthu m'chiuno.

Ndinawapeza akuchapa panja, m'bafa la pulasitiki. Ndinati odi. Anadzutsa mutu, n'kundiyang'ana kuyambira ku duku mpaka ku nsapato, osaseka, osakwiya. Anapukuta manja pa chitenje, analowa m'nyumba, anatulutsa mpando umodzi wokhawo umene ali nawo n'kuuika pamthunzi. Iwo anakhala pa kreti. Kenako anayamba.

"Muli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya inu amayi?"

"Nili bwino. Abambo kunyumba?"

"Ali bwino."

"Mwana wathu wa ku Jet Park?"

"Ali bwino, akupereka moni."

Anafunsa za ku Ntcheu, za amayi anga ndi miyendo yawo, za mchimwene wanga ndi fodya wake, za eni nyumba yathu, ngakhale za galu wa eni nyumbayo amene anawaluma chitenje chaka china. Sanadumphe aliyense. Ine ndinkayankha ngati mwana wa sukulu, thumba la shuga lili pamiyendo, ndipo ndinadziwa kuti moni yense amene foni inawabweza akundipatsa pamanja, mmodzimmodzi. Atamaliza ndinafunsa nanenso za onse a kwawo, mpaka ku Chipata.

"Manje makina aja ali bwanji?" anafunsa. "Aja oyankha anthu."

"Tawachotsa, amayi."

"Ine Chizungu nimamvako chabe pang'ono," anatero, akuyang'ana m'bafa muja. "Ninapita nayo foni kwa neba uyu kuti aniwerengere. Anawerenga mokweza, anthu ali pa mpopi apo. Ati tumizani miyezo. Ati perekani hafu. Azimai anaseka, ati mnzanu uja wa bulangeti limodzi walemera, afuna dipoziti ya moni."

Ndinawauza zoona zokhazokha, kuti ntchito inandikwirira, mwana anafuna kundithandiza, ndipo mauthenga awo sindinawaone mpaka dzulo. Ndinati ndachita manyazi ndipo ndapepesa. Anatenga shuga ndi buledi n'kulowa nazo m'nyumba, ndipo ndinamva akuika ketulo pa mbaula ya parafini.

Tiyi tinamwera panja pomwepo. Anandiuza za mnyamata wa ku Dedza, kuti ndi waulemu, amavula chipewa polankhula ndi akulu, koma amadya mofulumira ngati akuthamangitsidwa. Anandiuza kuti akwawo ndi amalume awiri, onse omanga nyumba ku Germiston, ndipo akhala akufunsa kuti kodi ankhoswe a kuchikazi tikumana nawo liti. Apa ndinaika kapu pansi.

"Ndiye munawayankha chiyani?" ndinafunsa.

"Ninawauza kuti ankhoswe alipo, ali ku Vosloorus, koma adwala."

"Ndani akudwala?"

"Imwe," anatero, akuviika buledi mu tiyi. "Chifuwa. Chinakugwirani maningi, simunali kukwanitsa na kukamba pa foni. Nanga ninakati bwanji? Niwauze kuti ankhoswe athu afuna hafu? Manje abwera kwanu pa Chiweru. Mukaziyenda pang'onopang'ono, na kukhosomola pang'ono, musanichititse manyazi kawiri."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misozi ina sinali ya kuseka. Iwo sanaseke nawo, anangondiwonjezera tiyi n'kundiuza kuti ndimwe asanazizire.

Pobwerera m'tekisi ndinayamba kuyankha anthu aja mmodzimmodzi, kuyambira pansi. Sindinalembe zambiri, ndinkangoti ndili bwino, kaya inu, pepani ndinasowa. Ena anayankha nthawi yomweyo ngati palibe chinachitika. Ena anayamba andinyogodola kaye, ndipo ndinalandira. Mayi wina wa ku Tembisa anati ankaganiza kuti tsamba ndinagulitsa kwa mzungu. Angapo sanayankhe konse, ndipo ndinamva kuti anapeza telala wina. Kuyambira nthawi imeneyo ndimayamba tsiku ndi moni, makina ndisanawavundukule, ndipo maoda ndimalandira okhawo amene manja anga angathe. Mwana wanga amandithandiza kujambula zithunzi, zimene amazitha kuposa ine, koma zoyankha anthu anazisiya m'manja mwanga.

Loweruka lija tinakolopa pabalaza ndi kubwereka mipando kwa eni nyumba. Amuna anga anavala jekete la ku tchalitchi, ndipo m'mawa wonse ankandifunsa ngati ndayeserera chifuwa changa mokwanira. Amayi a ku Chipata anafika molawirira n'kukhala pafupi nane pa sofa. Alendo anafika dzuwa litakwera, amuna awiri aakulu misinkhu, manja okhakhala ndi simenti, nsapato zopolishidwa bwino. Wamng'onoyo ananyamula thumba la malalanje, n'kulipereka kwa ine ndi manja awiri, akuti ndi la odwala. Amuna anga anayang'ana kudenga ndipo sanatsitse maso kwa kanthawi.

Moni unayenda mwa dongosolo lake, aliyense kwa aliyense. Atafika pa ine, wamkuluyo anawerama pang'ono n'kufunsa kuti mukupezako bwanji mayi, tinamva kuti chinakugwirani kwambiri. Ndinati ndikupezako bwino, zikomo, ndipo bondo la amayi a ku Chipata linagunda langa. Ndinatsokomola kamodzi, mwaulemu.

Kenako mkuluyo anakonza pakhosi. Anati asanayambe nkhani imene abwerera, mwambo umafuna adziwe amene akulankhula nawo, chifukwa ankhoswe ndi anthu amene banja likadzavuta usana kapena usiku amathamangirako. Anati amva kuti amayi a mtsikana ndi a ku Chipata, pomwe kalankhulidwe kanga ndi ka ku Ntcheu. Ndiye anafunsa, mofatsa ndithu, kuti kodi inu mayi ndi ndani wake wa mwanayu.

Funso limeneli sindinalikonzekere. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za holo ija, za zaka zonsezi, kuti ubale wathu si wa magazi koma ndi weniweni, ndipo ndinaona kuti ndikayamba choncho ndikhala ngati ndikupempha malo. Amayi a ku Chipata sanandidikire. Anaika dzanja lawo pa bondo langa, dzanja lozizira la munthu wochapa zovala za anthu, n'kuyankha iwo.

"Ni mng'ono wanga uyu. Mwana akadzalira, adzabwera kuno."

Mkuluyo anagwedeza mutu, n'kunena kuti zamveka, tingayambe. Amuna anga anayamba kulankhula mawu olandira alendo. Ine ndinatembenukira kukhoma n'kutsokomola, ulendo uno osanamizira.